Khungu la Akaidi: Mbiri ya Mankhwala a Ziphuphu ndi Makwinya

Ziphuphu zimavutitsa munthu akamakula, makwinya amamupeza akamakalamba. Kwa zaka masauzande ambiri palibe amene ankaganiza kuti mavuto awiriwa angakhale ndi mankhwala amodzi. Mnyamata wa nkhope ya ziphuphu ankamuuza kuti ndi magazi oipa, zidzatha akadzakwatira. Mayi wa makwinya ankangomuuza kuti zaka zapita, palibenso chochita. Lero madokotala a khungu amalembera anthu awiriwa mafuta amodzimodzi otchedwa tretinoin, ochokera ku vitamini A, ndipo ndi mafuta othandizadi. Koma asanafike m'sitolo za mankhwala anadzera m'ndende ina ya mumzinda wa Philadelphia ku America, ndipo anthu amene anapereka misana yawo kuti ayeserepo sanapeze nawo phindu.

Zodzola zakale

Ku Egypt kunapezeka mpukutu wa gumbwa wolembedwa cha m'ma 1600 Yesu asanabadwe, umene masiku ano umatchedwa Edwin Smith Papyrus. Mbali yaikulu ya mpukutuwu ikunena za mabala ndi mafupa othyoka, koma kuseri kwake kuli malangizo a kakonzedwe ka mafuta amene wolembayo ankati amabwezera nkhalamba unyamata. Chipatso china chinkasinjidwa, kuyanikidwa padzuwa, kupetedwa, kenako kuwiritsidwa mpaka mafuta atatuluka. Pa nthenda zapakhungu anthu akale ankadaliranso sulufule, yemwe mpaka pano akupezekabe mu sopo wina wa ziphuphu chifukwa amaumitsa khungu lamafuta.

Zina zimene anthu ankadzola zinali poizoni weniweni. Akazi olemera a ku Ulaya ankabisa zipsera ndi makwinya ndi utoto woyera wopangidwa kuchokera ku mtovu. Utotowo unkadya khungu, munthu n'kumaonjezera wina kuti abise pamene padyekapo. Maria Gunning, yemwe ankatamandidwa mu London yense chifukwa cha kukongola, anamwalira mu 1760 ali ndi zaka 27, ndipo anthu a m'nthawi yake ankanena kuti zodzoladzolazo ndi zimene zinamupha. Ngakhale madokotala ophunzira analakwitsapo. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 mpaka cha m'ma 1950, achinyamata ambiri a ku America ndi ku Ulaya ankawaunika kumaso ndi cheza cha X-ray pofuna kuumitsa ziphuphu. Ziphuphu zinkaumadi, koma patapita zaka ena mwa iwo anapezeka ndi khansa yapakhungu ndi ya chithokomiro.

Pang'ono ndi pang'ono chiphuphu chinayamba kumvetsetseka. Pa kabowo kalikonse kamene pamatulukira kabweya pali kachiwalo kotulutsa mafuta. Mu 1941 James Hamilton anaonetsa kuti amuna ofulidwa asanathe msinkhu satuluka ziphuphu, koma akawapatsa mahomoni achimuna zimayamba. Apa zinadziwika kuti mahomoni ndi amene amadzutsa tiziwalo tamafutato mwana akamatha msinkhu. Maselo akufa a m'kati mwa kabowo akamatirirana ndi mafutawo, kabowo kamatsekeka. Mabakiteriya amene amakhala pakhungu la munthu aliyense amaswana m'menemo, thupi n'kuyamba kulimbana nawo, ndiye pamatupa, pamafiira, pamachita mafinya. M'ma 1950 madokotala anayamba kupereka mapiritsi a tetracycline, ndipo m'ma 1960 dokotala wa ku Canada, William Pace, anatchukitsa mafuta a benzoyl peroxide. Onsewa ankalimbana kwambiri ndi mabakiteriya. Chimene chinkasowabe ndi mankhwala oletsa kabowo kutsekeka poyamba pomwe.

Vitamini A

Vitamini A anadziwika mu 1913, pamene Elmer McCollum ndi Marguerite Davis ku Wisconsin anaona kuti makoswe sakula bwino akamanidwa chinthu china chopezeka mu batala ndi mu yolk ya dzira. Mu 1925 Burt Wolbach ndi Percy Howe a ku Boston anapeza kuti makoswe osowa vitaminiyu amauma ndi kukhakhala m'malo a thupi amene amayenera kukhala ofewa. Choncho zinali zomveka kuganiza kuti vitamini yemweyo angathandize timabowo totsekeka ndi maselo ouma. Mu 1943 dokotala wina wa ku Oregon, Jon Straumfjord, anayesa kumwetsa odwala ziphuphu vitamini A wambiri tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Ena anapezako bwino, koma vitaminiyu akachuluka m'thupi amawononga chiwindi ndiponso amapweteketsa mutu.

Njira ina inali yodzola m'malo momwa. Thupi likalandira vitamini A limasandutsa gawo lake kukhala asidi, ndipo asidi ameneyu ndiye tretinoin. Mu 1962 Günter Stüttgen wa ku Germany analemba za kudzola asidiyu pa nthenda zokhakhalitsa khungu. Ankagwira ntchito, koma ankawotcha kwambiri. Panafunika munthu woti apeze mlingo woyenera, ndipo kuti aupeze anafunika makungu ambiri oyeserapo.

Ndende ya Holmesburg

Albert Kligman anabadwira ku Philadelphia mu 1916. Anayamba ndi maphunziro a zomera, makamaka bowa ndi mafangasi, kenako anaphunzira udokotala n'kukhala katswiri wa khungu pa yunivesite ya Pennsylvania. Mu 1951 anaitanidwa ku ndende ya Holmesburg kuti akathandize akaidi amene ankavutika ndi mafangasi oyabwa pakati pa zala za kumapazi. Patapita zaka, mu 1966, iye mwini anauza nyuzipepala ina ya mumzindawo kuti atangolowa m'ndendemo sanaone china koma maekala a khungu, ndipo anamva ngati mlimi amene waona munda wachonde koyamba.

Anagwira ntchito m'ndendemo zaka 23, mpaka 1974. Makampani monga Johnson & Johnson ndi Dow Chemical, ngakhalenso asilikali a dziko la America, ankabweretsa zinthu zawo kuti ziyesedwe pa akaidi: sopo wa kumutu, mafuta onunkhira, mankhwala otsukira mano, mankhwala osokoneza maganizo. Ambiri mwa akaidiwo anali akuda, ndipo ochuluka anali asanaweruzidwe n'komwe, ankangokhala m'ndende chifukwa chosowa ndalama ya belo. Ntchito wamba za m'ndende zinkalipira masenti ochepa patsiku, pamene kupereka msana kunkabweretsa madola. Munthu wofuna belo, loya kapena fodya sakanatha kukana mosavuta, ndipo ambiri ankasaina mapepala osadziwa chimene akuwapaka.

Kayesedwe kake kanali kotere. Pamsana pa mkaidi ankamatapo mizere ya pulasitala kuti pakhale timabokosi tambirimbiri. M'kabokosi kalikonse ankaikamo kansalu konyowetsedwa ndi mankhwala ake, n'kuphimba. Nthawi zina ankaunikapo ndi nyali yotentha. Pakatha masiku ankamatula n'kulemba pamene pafiira, pamene patuluka matuza ndi pamene pasupuka. Amuna ambiri anatuluka m'ndendemo ndi timabokosi toyera ndi takuda pamsana, moti ankadziwika nato akavula malaya, ngakhale patapita zaka makumi angapo.

Choopsa kwambiri chinachitika cha m'ma 1965 ndi 1966. Kampani ya Dow inkafuna kudziwa kuchuluka kwa dioxin amene angayambitse ziphuphu zoopsa zimene antchito a m'fakitale yake ankatuluka. Dioxin ndi poizoni yemwe anali mu Agent Orange, mankhwala amene asilikali a America ankapopera nkhalango pa nkhondo ya ku Vietnam. Mlingo umene kampaniyo inapereka utalephera kutulutsa ziphuphu, Kligman anauchulukitsa maulendo oposa 400 pa akaidi ena, mpaka ziphuphu zinatuluka n'kukhala miyezi. Zonsezi zinkachitika malamulo a ku Nuremberg alipo kale. Malamulowa analembedwa mu 1947 ataweruza madokotala a chipani cha Nazi, ndipo mfundo yake yoyamba ndi yakuti munthu woyesedwa azivomera mwaufulu, akudziwa chimene akuvomera.

Tretinoin anayesedwanso pamisana ndi pankhope za akaidi omwewa, poyamba pa mphamvu yoposa kwambiri imene imagulitsidwa lero, moti khungu linkafiira ndi kusupuka. Mu 1969 Kligman, James Fulton ndi Gerd Plewig analengeza kuti asidiyu akachepetsedwa mphamvu amatsegula timabowo totsekeka ndi kuletsa tina kutsekeka. Mu 1971 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza mafutawa, ndipo kampani ya Ortho, nthambi ya Johnson & Johnson, inayamba kuwagulitsa pa dzina la Retin-A.

M'chaka chomwecho cha 1969 anthu atatu omwewa anatulutsa kafukufuku wina wonena kuti chokoleti sichiyambitsa ziphuphu. Anayesa anthu 65, ndipo 35 mwa iwo anali akaidi. Bungwe la makampani opanga chokoleti linathandiza kafukufukuyu. Kwa zaka pafupifupi 30 madokotala ankadalira zotsatirazi pouza odwala kuti chakudya sichikhudzana ndi ziphuphu. Ofufuza a pambuyo pake anapeza zofooka zambiri m'kachitidwe kake, ndipo masiku ano pali umboni wakuti zakudya zokweza shuga m'magazi mofulumira zimawonjezera ziphuphu mwa anthu ena.

Kuchoka pa ziphuphu kufika pa makwinya

Amene anayamba kuona ntchito yachiwiri ya mafutawa ndi odwala eni ake. Amayi achikulire amene ankadzola Retin-A chifukwa cha ziphuphu ankauza madokotala kuti nkhope zawo zikusalala ndipo timizere ta m'mbali mwa maso tikuchepa. Kligman anali atanena kale kuti makwinya ambiri akumaso samabwera ndi zaka zokha ayi, koma ndi dzuwa. Umboni wake ndi wosavuta: khungu la munthu wokalamba limene limakhala m'kati mwa zovala limakhala losalala kuposa la kumaso ndi kumanja, chikhalirecho zaka zake ndi zimodzi. Mu 1986 iye ndi anzake analemba kuti tretinoin amakonza zina mwa zimene dzuwa lawononga.

Chimene chinagwedeza dziko ndi kafukufuku wa gulu la John Voorhees wa pa yunivesite ya Michigan, yemwe anatuluka mu Januwale 1988 m'magazini ya madokotala ya JAMA. Anthu 30 anadzola tretinoin pamkono umodzi ndi mafuta opanda mankhwala pamkono winawo kwa milungu 16, osadziwa kuti mankhwala ali mbali iti. Mikono yonse yodzola tretinoin inasintha, ndipo mwa anthu 15 amene anadzola kumaso, 14 anaoneka bwinopo. Pafupifupi onse anamva kuwotcha ndi kusupuka, koma anthu sanalabadire mbali imeneyo. Nyuzipepala ndi ma TV atalengeza, Retin-A anatha m'sitolo zambiri.

Apa panabuka mlandu. FDA inavomereza mafutawa kuti ndi a ziphuphu basi, ndipo lamulo silinkalola kampani kutsatsa mankhwala pa ntchito yosavomerezedwa. Boma litayamba kufufuza mmene nkhani ya makwinya inafalikira, antchito a Ortho anawononga zikalata zambirimbiri. Mu 1995 kampaniyo inavomera mlandu wosokoneza chilungamo ndipo inalipira madola 7.5 miliyoni. Kumapeto kwa chaka chomwecho FDA inavomereza tretinoin wa makwinya pa dzina la Renova.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanadziwika mochedwa kuposa malonda ake. Mu 1987 magulu awiri, la Pierre Chambon ku Strasbourg ndi la Ronald Evans ku California, anapeza malo a m'kati mwa selo amene asidiyu amakakhalapo n'kuyamba kulamula majini ena. Pansi pa khungu pali ulusi wotchedwa kolajeni umene umalilimbitsa. Cheza cha dzuwa chimadzutsa tizinthu todula ulusiwu, ndipo gulu la ku Michigan linaonetsa m'ma 1990 kuti tretinoin amachepetsa kudulako komanso amachititsa maselo kupanga kolajeni watsopano. Ntchito imeneyi imatenga miyezi, ndipo imangothandiza timizere tating'ono ndi mawanga. Makwinya akuya sawachotsa.

Kuti dzuwa ndilo gwero, chithunzi china chimene chinatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2012 chinaonetsa poyera. Ndi cha bambo wa zaka 69 wa ku America amene anayendetsa thiraki zaka 28. Tsaya lakumanja ndi la munthu wa msinkhu wake, koma lakumanzere, limene linkakhala kuwindo, ndi lokhuthala, lolendewera, lodzaza ndi mizere yakuya. Galasi la windo lam'mbali limalowetsa mbali ina ya cheza cha dzuwa. Kwa dalaivala wa kwathu kuno, kumene chiwongolero chimakhala kumanja, tsaya ndi mkono wakumanja ndi zimene zili pangozi imeneyi. Ku Nambour, ku Australia, anthu 903 anatsatiridwa kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2013 zinaonetsa kuti khungu la odzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse linakalamba mocheperapo ndi 24 peresenti poyerekeza ndi la odzola mwa apo ndi apo.

Mbale wake wakumwa

Kwa ziphuphu zikuluzikulu zochita zithupsa ndi kusiya maenje, mafuta odzola sankakwanira. Mu 1979 Gary Peck ndi anzake anamwetsa odwala 14 makapisozi a isotretinoin, mankhwala a mtundu womwewo opangidwa ndi kampani ya Roche, ndipo 13 anachiriratu. Makapisoziwa amafwetsa tiziwalo tamafuta, ndipo ambiri akamwa kwa miyezi ingapo ziphuphu sizibwereranso monga kale. Analowa pamsika mu 1982 pa dzina la Accutane. Posakhalitsa kunayamba kubadwa ana olumala makutu, mtima ndi ubongo. Kafukufuku wa mu 1985 anatsatira mimba 154 za amayi amene anamwa mankhwalawa: 95 zinachotsedwa, 12 zinapita padera, ana 21 anabadwa ndi zilema zazikulu, ndipo 26 okha ndi amene anabadwa opanda chilema chachikulu. Kuyambira 2006 ku America mkazi amene angathe kutenga mimba salandira makapisoziwa popanda kuyezedwa mimba mwezi uliwonse. N'chifukwa chakenso mayi woyembekezera amaletsedwa ngakhale tretinoin wodzola.

Pakhungu lakuda

Ngakhale misana yambiri ya ku Holmesburg inali ya anthu akuda, malonda a makwinya ankalunjika kwa azungu. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chochulukirapo ku dzuwa, choncho makwinya amachedwa. Vuto lake ndi lina: paliponse pamene patupa, papsa kapena pafinyidwa pamatsala banga lakuda limene limakhala miyezi chiphuphu chitapola kale. Mu 1993 gulu la ku Michigan linayesa tretinoin kwa milungu 40 pa anthu akuda a mawanga otere, ndipo mawangawo anazilala kuposa a amene sanalandire mankhwala. Koma mafuta omwewo akachuluka amawotcha, ndipo kuwotchako kumabala mawanga atsopano. Ndiye malangizo a madokotala amakhala akuti kadontho kofanana ndi njere ya chimanga kakwanire nkhope yonse, usiku wokha, poyamba kawiri kapena katatu pamlungu, pamodzi ndi mafuta ofewetsa khungu, ndipo masana munthu adziteteze ku dzuwa. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mu 1970 gulu la Kligman linafotokozanso za tiziphuphu ta pamphumi ndi m'mbali mwa tsitsi timene timayamba chifukwa cha mafuta olemera odzola kumutu, vuto limene likuonekabe kulikonse kumene anthu amadzola tsitsi mafuta oterowo.

Mu 1975 Kligman ndi Isaac Willis anasakaniza tretinoin, hydroquinone ndi steroid, n'kuonetsa pa amuna akuda kuti msakanizowu umachotsa mtundu wa khungu. Madokotala amaugwiritsabe ntchito pa mawanga ovuta, kwa nthawi yochepa, akuyang'anira wodwala. M'chaka chomwecho George Findlay ndi anzake ku Pretoria analemba za amayi amene anadzola hydroquinone kwa zaka pofuna kuyera, nkhope zawo n'kuda bii m'masaya ndi kuchita timiyalamiyala tosachoka. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, koma mafuta oyeretsa khungu sanathe. M'misika ya m'mayiko athu muno akupezekabe, ena muli hydroquinone, ena muli steroid wamphamvu monga clobetasol ndi betamethasone. Mtsikana wovutika ndi mawanga a ziphuphu akagula kachubu kotere, milungu yoyamba amasangalala chifukwa nkhope imayera ndi kusalala. Kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo steroid yemweyo amatulutsa ziphuphu zina zambirimbiri zofanana msinkhu. Akasiya, nkhope imayabwa ndi kufiira, ndiye amabwerera kumsika. Ndi msampha womwe uja wa utoto wamtovu.

Kupepesa kochedwa

Mu 1972 zinaululika kuti ku Tuskegee, ku America, amuna akuda odwala chindoko anawasiya osawachiza kwa zaka 40 pofuna kuona mmene matendawa amathera. Mkwiyo umene unatsatira unafikanso kundende. Mu 1973 aphungu a nyumba ya Senate, motsogozedwa ndi Edward Kennedy, anamva umboni wa zoyesa mankhwala pa anthu, ndipo mu 1974 ntchito ya ku Holmesburg inatsekedwa. Chaka chomwecho America inakhazikitsa lamulo la kafukufuku wokhudza anthu, ndipo mu 1978 panabwera malamulo apadera oteteza akaidi.

Nkhani yonse inadziwika bwino mu 1998 kudzera m'buku la Allen Hornblum lotchedwa Acres of Skin. Hornblum anagwirapo ntchito yophunzitsa m'ndende za ku Philadelphia ndipo anaona yekha amuna omatidwa mapulasitala aja. Mu 2000 anthu pafupifupi 300 amene anali akaidi anasumira Kligman, yunivesite, mzinda ndi makampani, koma khoti linati nthawi yosumira inadutsa. Kligman anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 93, akunenabe kuti sanalakwe ndiponso kuti kuletsa kuyesa mankhwala pa akaidi kunabwezera sayansi m'mbuyo. Mu 2021 sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Pennsylvania inapepesa n'kuchotsa dzina lake pa maulemu ena, ndipo mu Okutobala 2022 meya wa Philadelphia, Jim Kenney, anapepesa m'malo mwa mzinda wonse.

Tretinoin ndi abale ake, monga adapalene wa mu 1996, akadali msana wa chithandizo cha ziphuphu, ndipo pa mafuta onse olonjeza kuchepetsa makwinya ndi iye amene ali ndi umboni wochuluka. Palibe chifukwa choti wodwala awakane. Koma mlingo wotetezeka umene walembedwa pachubu unapezeka chifukwa anthu ena anapakidwa mlingo wosatetezeka, ali m'malo amene kukana kunali kovuta. Makampani ndi yunivesite anapeza mamiliyoni. Ambiri mwa akaidi aja anamwalira kupepesa kusanabwere, ndipo otsala pamodzi ndi ana awo akupemphabe chipukuta misozi.